Mantha amene amatsala munthu akatuluka m'chipatala ndi matenda a mtima

Aphiri: Moni nonse a pagulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwadutsa njira imeneyi kapena amene mukusamalira odwala. Madokotala anandiuza kuti mtsempha umodzi mwa imene imapereka magazi ku mtima wanga unatsekeka, ndipo chitulukireni m'chipatala ndikumwa mankhwala mosadumphitsa, ndinasiya fodya, ndipo mchere ndinachepetsa. Thupi likubwereramo pang'onopang'ono, koma maganizo akukana kukhazikika. Usiku ndimangomvetsera kugunda kwa mtima, ndipo ukangogunda mosiyana pang'ono ndimadzuka n'kukhala tsonga mpaka mbandakucha. Mwana wanga wandiuza kuti pali njira yotchedwa mindfulness imene imathandiza anthu onga ine. Kodi ndi chiyani kwenikweni, ndipo kodi ingathandizedi munthu amene mtima wake unavulala kale?

Nabanda: Pepani Aphiri chifukwa cha zimene mukudutsamo. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikutsimikizireni kuti zimene mukufotokozazi si zachilendo. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 aliwonse amene mtsempha wa mtima unawatsekeka amadwala matenda ovutika maganizo pambuyo pake, ndipo okhala ndi nkhawa chabe ndi ochuluka kuposa pamenepo.

Chimene chimachitika m'thupi ndi ichi. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Timadzi timeneti timafulumizitsa mtima, timafinya mitsempha ndipo timakweza kuthamanga kwa magazi, pokonzekeretsa munthu kuti athawe kapena amenye nkhondo. Zimenezi n'zabwino pamene pali ngozi yeniyeni ya kanthawi, koma munthu amene akuopa mtima wake womwe amakhala mumkhalidwe umenewu usana ndi usiku. Mantha amafulumizitsa mtima, mtima ukafulumira mantha amawonjezeka, ndipo zinthu ziwirizi zimangodyetsana.

Mindfulness ndi kuphunzira kuika maganizo pa chimene chikuchitika panopa, monga mpweya umene ukulowa ndi kutuluka, popanda kuthamangira kuweruza kuti ichi n'choopsa kapena ayi. Njira yake yodziwika kwambiri m'zipatala inayambitsidwa ndi Jon Kabat-Zinn m'chaka cha 1979 pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts ku America, ndipo maphunziro ake amatenga masabata 8. Iye anayamba ndi odwala amene anali ndi ululu wosatherapo komanso matenda okhalitsa, osati ndi anthu athanzi ofuna kusangalala.

Achisale: Zikomo Nabanda, koma ndilolereni ndifunse mosabisa, pakuti ine ndine mkulu wa mpingo ndipo anthu amandifunsa zinthu zotere. Ndinamva kuti njira imeneyi inachokera ku chipembedzo cha Chibuda. Kodi sitikulowetsa Akhristu ndi Asilamu m'miyambo ya chipembedzo china m'dzina la chipatala? Chachiwiri, ine ndikuopa kuti anthu athu akangomva kuti kupuma bwino kumathandiza mtima, adzataya mapiritsi. Taona kale anthu akusiya mankhwala a BP chifukwa wina wawauza kuti achira, kenako n'kugwa ndi sitiroko.

Nabanda: Mafunso onse awiri ndi oyenera, Achisale. Ndi zoona kuti kusinkhasinkha kotereku kunachokera kwa Abuda, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma zimene zimaphunzitsidwa m'zipatala zilibe pemphero lililonse, zilibe dzina la mulungu aliyense, ndipo sizifuna kuti munthu akhulupirire kanthu. Munthu amangokhala pansi n'kumatsatira mpweya wake.

Komanso pali nkhani imene ingakusangalatseni. M'chaka cha 2001 dokotala wa ku Italy, Luciano Bernardi, ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu akamanena mapemphero a kolona m'Chilatini mobwerezabwereza, kupuma kwawo kumatsika kufika pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, ndipo pamlingo umenewo mtima ndi mitsempha zimayenderana bwino. Choncho munthu wa pemphero sakufunika kusiya chimene ali nacho. Mkatolika ali ndi kolona, Msilamu ali ndi tasibihi, wina ali ndi salimo limene amalidziwa pamtima. Chofunika n'chakuti alinene modekha, mpweya uziyenda pang'onopang'ono, osati mothamanga ngati munthu amene akufuna kumaliza msanga.

Pa funso lachiwiri ndikugwirizana nanu kotheratu, ndipo ndikufuna aliyense wowerenga pano amve bwino. Bungwe la American Heart Association linaunika nkhani ya kusinkhasinkha m'chaka cha 2017, ndipo linanena kuti njirayi ikhoza kuwonjezedwa pa chithandizo chodziwika kale chifukwa ndi yotsika mtengo ndiponso yosaopsa kwenikweni, koma linachenjeza kuti umboni wake sunakhwime mokwanira ndipo isalowe m'malo mwa mankhwala. Kupuma modekha sikungatsegule mtsempha umene watsekeka ndi mafuta, sikungakonze zitseko za mu mtima zimene zinawonongeka, ndipo sikungachotse madzi m'mapapo. Aspirin, amlodipine, enalapril, atenolol ndi ena onse amene mwalemberedwa ayenera kumwedwa monga mwa nthawi zonse.

Ambewe a ku Leeds: Ndilonjere onse kumudzi. Ine ndinadwala ndili kuno ku Britain, ndipo anandiika kachitsulo kotsegula mtsempha kotchedwa stent. Kuno munthu akatuluka m'chipatala amaitanidwa ku maphunziro otchedwa cardiac rehabilitation, kumene mumachita masewera olimbitsa thupi moyang'aniridwa ndi anamwino, mumaphunzira za zakudya, ndipo pamapeto pa tsiku mumakhala pansi n'kuphunzira kumasula thupi ndi kupuma. Ndifotokoze zimene tinkachita, chifukwa sizifuna chipangizo chilichonse ndipo munthu angazichite pakhonde ku Area 25 monga momwe angazichitire kuno.

Mumakhala pampando wokhala ndi potsamira, mapazi onse ali pansi, dzanja limodzi lili pamimba. Mumakoka mpweya kudzera m'mphuno mpaka mutamva mimba ikukweza dzanja, mukuwerenga mpaka zinayi, kenako mumautulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka zisanu ndi chimodzi. Kutulutsa kuyenera kutalika kuposa kukoka, chifukwa ndi potulutsa pamene mtsempha wa ubongo wotchedwa vagus umachepetsa liwiro la mtima. Simuyenera kuumiriza, ndipo simuyenera kusunga mpweya m'chifuwa. Mukayamba kumva chizungulire, siyani kuwerenga ndipo pumani monga mwachizolowezi. Mphindi 5 ndi zokwanira poyamba, kenako mukhoza kufika pa 10 kapena 15.

Chimene chimagwetsa anthu ulesi n'chakuti maganizo amathawa. Mwangopuma kawiri, mwayamba kale kuganiza za fizi ya ana kapena za tsiku limene munakomoka. Pamenepo ambiri amati alephera. Komatu ntchito yake ndi yomweyo: kuzindikira kuti maganizo apita kutali n'kuwabweza. Zili ngati mbuzi yomangidwa pachingwe imene ikufuna kulowa m'munda wa mnzako. Sumaikwapula, umangoikoka bwinobwino kuti ibwerere, ndipo ikapitanso umaikokanso. Kubweza kumeneko ndiko kuphunzira.

Aphiri, kwa inu makamaka ndinene ichi: ngati kutsatira mpweya kukuchititsani kuti muzimvetsera kwambiri pachifuwa n'kuwonjezera mantha, musayambire pamenepo. Ikani maganizo pa mapazi amene akukhudza pansi, kapena pa phokoso la kunja, kulira kwa mbalame, mawu a ana, galimoto yodutsa. Ife odwala mtima chifuwa ndi malo amene timawaopa, ndipo si nzeru kuyambira pamalo oopsawo tsiku loyamba.

Nangozo: Ndathokoza Ambewe chifukwa cha mfundo yomalizayo. Vuto langa ndi losiyana pang'ono. Mtima wanga unafooka nditangobereka mwana wachitatu, moti sunkapopa magazi mokwanira. Miyendo inkatupa ndipo ndinkabanika ndikangoyenda pang'ono. Ndimamwa Lasix wochotsa madzi pamodzi ndi mankhwala ena. Ndinapeza pa YouTube malangizo a kusinkhasinkha amene amati munthu agone chagada pansi n'kumayendetsa maganizo kuchokera ku zala za kumapazi mpaka kumutu. Kwa munthu wa mtima wofooka malangizo amenewa ndi ovuta, chifukwa ukagona chagada madzi amabwerera ku mapapo ndipo umabanika kwambiri. Amene ali ndi vuto ngati langa achite zimenezi atakhala pampando kapena atatsamira mapilo angapo. Opanga mavidiyo amenewa nthawi zambiri amalankhula kwa anthu athanzi, ndipo sadziwa kuti wina amene akuwamvera amagona chokhala.

Chinanso, kubanika kwathu si kwa maganizo nthawi zonse. Ngati mapilo amene mumatsamira akuchuluka sabata ndi sabata, ngati nsapato zayamba kuthina, ngati sikelo ikusonyeza kuti mwakwera makilogalamu 2 m'masiku atatu okha, amenewo ndi madzi, ndipo pamafunika kupita kuchipatala kuti aone mlingo wa mankhwala. Kupuma modekha sikuthandiza pamenepo.

Aphiri: Zikomo Nangozo, mwafika pomwe pali vuto langa lenileni. Ndingasiyanitse bwanji mantha ndi matenda? Pamene mtima ukugunda mofulumira ndipo pachifuwa pakulemera, ndidziwa bwanji kuti ndikhale pansi ndipume kapena ndidzutse a m'nyumba tipite kuchipatala?

Nabanda: Funso limeneli ndilo lalikulu pa zonse, ndipo ndiyankha mosazungulira. Palibe munthu, ngakhale dokotala, amene angasiyanitse zimenezi motsimikiza popanda kuyeza mtima ndi makina a ECG komanso kuyeza magazi. Choncho lamulo lake ndi ili: ngati pachifuwa pakupanikiza kapena kulemera kwa mphindi zingapo osasiya ngakhale mwakhala pansi, ngati ululu ukupita kumkono, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana, ngati mukutuluka thukuta lozizira, mukuchita nseru, mukubanika muli chikhalire kapena mukufuna kukomoka, musayese kusinkhasinkha. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo musayendetse nokha galimoto. Amayi komanso odwala shuga achenjere kwambiri, chifukwa kwa iwo nthawi zina ululu sukhala waukulu, pamangokhala kutopa kodabwitsa, nseru ndi kubanika. Ndi bwino kupita n'kukauzidwa kuti anali mantha kusiyana ndi kukhala pakhomo mtima ukuwonongeka.

Phindu la mindfulness lili pa masiku enawo, amene ndi ochuluka, pamene palibe zizindikiro zimenezi koma pali kugunda kumodzi kodumpha kapena kakubaya ka kamphindi. Munthu amene wazolowera kuyang'ana zochitika m'thupi mwake modekha amayamba kulidziwa thupi lake. Amatha kunena kuti, apa mtima wadumpha kamodzi ndipo wabwerera, sipakupweteka, sindikubanika. Munthu amene amangochita mantha zonse amazimva mofanana, ndipo tsiku limene chizindikiro chenicheni chidzafike akhoza kuchisokoneza ndi zina zonsezo. Muwauzenso adokotala anu za kudumpha kumeneku pa tsiku lanu la kiliniki, kuti ayeze n'kukuuzani ngati kuli kodetsa nkhawa. Mantha ambiri amachepa munthu akangomva yankho kuchokera kwa amene wamuyeza.

Kumbukiraninso kuti atenolol komanso mankhwala ena a mtundu wake amachepetsa liwiro la mtima mwadala. Ngati mwayeza n'kupeza kuti ukugunda mochedwerapo kusiyana ndi kale, nthawi zambiri ndi ntchito ya mankhwalawo. Musawasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero n'koopsa kwa munthu wa mitsempha yotsekeka.

Nankhoma: Ine ndikusamalira mayi anga amene ali ndi BP yokwera ndipo mtima wawo unakula. Ndawerenga zonsezi ndipo sindikutsutsa, koma ndikuona kuti pali china chimene sitinakhudze. Nkhawa ya mayi anga si yochokera m'mutu chabe. Amaganiza za ndalama ya minibasi yopitira ku kiliniki, amaganiza za tsiku limene adzafike n'kuuzidwa kuti mankhwala atha akagule ku famase, amaganiza za feteleza ndi za adzukulu amene anawasiyira. Kodi ndingawauze kuti akhale pansi awerenge mpweya pamene ufa watha m'nyumba? Ndikuopa kuti tikhoza kusenzetsa odwala mlandu, ngati kuti BP yawo yakwera chifukwa alephera kudekha, pamene chimene chawakwezera ndi umphawi ndi mavuto a pabanja.

Ambewe a ku Leeds: Nankhoma, mwanena zoona zimene ife okhala kunja timaziiwala msanga. Kupuma sikugula ufa. Ndipo achibale amene amauza wodwala kuti "musamaganize kwambiri" kenako n'kumubweretsera nkhani za maliro, ngongole ndi milandu ya malo tsiku lomwelo, sakumuthandiza. Ngati banja likufuna kuti mtima wa mayi upume, ligawane katunduyo: wina atenge udindo wa mayendedwe a ku kiliniki, wina wa mankhwala, wina wa adzukulu. Komabe sindingavomereze kuti wosauka alibe gawo pa nkhani imeneyi. Vuto likafika, thupi la wolemera ndi la wosauka limatulutsa adrenaline yemweyo, ndipo mphindi 10 zimene mayi angakhale pamkeka m'mawa asanayambe ntchito sizilipiritsa kanthu.

Nabanda: Nonse awiri mukulondola, ndipo kafukufuku ali kumbali ya Nankhoma pa mfundo yakuti nkhawa za moyo ndi zenizeni. Kafukufuku wamkulu wotchedwa INTERHEART, amene anachitika m'mayiko 52 kuphatikizapo ena a mu Africa ndipo anafalitsidwa m'chaka cha 2004, anapeza kuti kupanikizika pantchito, pakhomo ndi pa ndalama kuli m'gulu la zinthu 9 zikuluzikulu zimene zimagwirizana ndi kutsekeka kwa mtsempha wa mtima, pamodzi ndi fodya, BP, shuga ndi mafuta a m'magazi. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Tikuyankhula za anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali ngati mayi anu.

Pa nkhawa zokhala ndi gwero lenileni, chimene chimathandiza ndi kukhala pansi ndi munthu wodalirika n'kutenga vuto limodzi pa nthawi. Anzathu a ku Zimbabwe anachita zimenezi kudzera mu Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare m'chaka cha 2006. Agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala, amamvetsera munthu amene akuganiza kwambiri, ndipo amamuthandiza kusankha vuto limodzi limene angathe kuchitapo kanthu sabata imeneyo. Inu Nankhoma mukhoza kuchita chimodzimodzi ndi mayi: m'malo mowauza kuti asadandaule, afunseni kuti chimene chikuwasowetsa tulo kwambiri ndi chiti, ndipo muyambire pamenepo. Kupuma modekha kubwere pambuyo, kuti thupi litsike ku mantha amene latengedwa nawo.

Palinso umboni wakuti kuphunzira kuthana ndi nkhawa kumapindulitsa odwala mtima. Ofufuza a ku Duke University motsogozedwa ndi James Blumenthal anafalitsa m'chaka cha 2016 zotsatira zosonyeza kuti odwala amene anaphunzitsidwa kuthana ndi nkhawa kuwonjezera pa maphunziro a masewera ndi zakudya anakumana ndi mavuto atsopano a mtima ocheperapo m'zaka zotsatira, poyerekeza ndi amene analandira maphunziro a masewera ndi zakudya okha. Anthu ake sanali ochuluka, choncho sitinganene kuti nkhani yatha, koma zimasonyeza kuti maganizo ndi gawo la chithandizo.

Achisale: Mayankho anu andikhutiritsa pa mbali ya mankhwala, Nabanda, ndipo pa mbali ya chikhulupiriro ndikuona kuti munthu akhoza kugwiritsa ntchito pemphero lake lomwe. Komabe ndikufuna tinene china kwa ife atsogoleri a mipingo. Nthawi zina timayendera wodwala mtima ndi gulu lalikulu, timapemphera mofuula kwa nthawi yaitali, tonse tikulira, ndipo tikachoka wodwalayo amakhala atatopa, mtima ukugunda kwambiri. Timachita mwa chikondi, koma ndi bwino kupita anthu awiri kapena atatu, kukhala naye modekha, ndi kumufunsa ngati ali ndi mphamvu zolandira alendo. Ndiponso tisamuuze kuti mantha ake ndi chizindikiro cha kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu amene anatsala pang'ono kufa ali ndi chifukwa chochitira mantha, ndipo tikamudzudzula amangobisa, n'kumavutika yekha usiku.

Nangozo: Mawu amenewo ndi ofunika, Achisale. Ndiwonjezere za tulo, poti Aphiri anadandaula za usiku. Musayambe kuphunzira kupuma kumeneku pakati pa usiku mantha atakugwirani kale, chifukwa thupi silidzakumverani. Phunzirani masana muli bwinobwino, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, mwina mukangomwa mankhwala a m'mawa, kuti usiku likadzafika vuto thupi lidzakhale likuidziwa kale njirayo. Tiyi ndi khofi wa madzulo achepe, foni ikhale patali ndi bedi, ndipo makina oyezera BP musawagwire usiku. Kuyeza mobwerezabwereza chifukwa cha mantha kumakweza nambala yomwe mukuiopayo. Yezani pa nthawi imene adokotala anakuuzani, mutakhala chete kwa mphindi 5, lembani m'kabuku, n'kuwaika makinawo m'kabati.

Kuyenda nako kumathandiza kawiri, pa mtima ndi pa maganizo. Ngati adokotala akulolani, yendani pamalo osakwera pa liwiro limene mungathe kulankhula osabanika, ndipo muziika maganizo pa mapazi pamene akuponda pansi. Ine zimenezi zimandiphweka kusiyana ndi kukhala pampando, chifukwa ndikakhala chete maganizo amandichulukira.

Nankhoma: Nanga ngati munthu wayesa zonsezi koma sizikusintha? Mayi anga masiku ena amakana kudya, safuna kucheza ndi aliyense, ndipo amanena kuti angokhala mtolo kwa ife.

Nabanda: Zimenezo musazitenge mopepuka, Nankhoma. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu wataya chidwi pa zinthu zimene ankakonda, sakudya, sakugona, akudziona wopanda ntchito, ndipo makamaka ngati akunena mawu osonyeza kuti kuli bwino atafa, amenewo akhoza kukhala matenda ovutika maganizo, ndipo amafunika chithandizo chawochawo. Kwa wodwala mtima ndi oopsa kwambiri, chifukwa munthu wotere amayamba kudumphitsa mankhwala ndi masiku a kiliniki. M'zipatala za maboma muli ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, ndipo kumpoto kuli chipatala cha St John of God ku Mzuzu, chimene chilinso ndi nthambi ku Lilongwe. Mukapita, tengani buku la kuchipatala la mayi ndi mankhwala onse amene akumwa, chifukwa mankhwala ena a maganizo, monga amitriptyline, sagwirizana bwino ndi mtima wodwala, ndipo wolemba mankhwalayo ayenera kudziwa zimenezi asanalembe. Musadikire tsiku lawo la kiliniki ngati lili kutali. Pitani nawo sabata ino, ndipo pakadali pano mankhwala awo muziwasunga inu n'kumawapatsa pa nthawi yake.